Kompyuta ya Galimoto Ikadandaula za Torque: Mafunso ndi Mayankho pa Khodi ya P061B

Masiku ano, pamene galimoto zambiri zoyenda m'misewu yathu zili ndi kompyuta yoyang'anira injini, nyali yachikasu ikayaka padashibodi mwini wake amathamangira kugalaji kukaiika pamakina, ndipo makinawo akatulutsa nambala, ambiri amayesa kuti nkhani yatha, chatsala n'kugula chitsulo chimene nambalayo yatchula. Pa makhodi onse amene amasokeretsa anthu motere, ochepa ndiwo amaposa P061B, pakuti mawu ake amaloza kompyuta yeniyeniyo, chipangizo chokwera mtengo ndi chovuta kuchipeza, pamene kawirikawiri gwero la vuto limakhala kwina ndithu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni galimoto ndi anyamata ophunzira umakaniko amakonda kufunsa, ndipo ndiyesa kuwayankha mwachifatse.

Kodi khodi imeneyi ikunena chiyani kwenikweni?

Makina akalumikizidwa pa soketi ya mabowo 16 imene imakhala kunsi kwa dashibodi kumbali ya dalaivala, amaonetsa nambalayo pamodzi ndi mawu akuti Internal Control Module Torque Calculation Performance, ndipo chimene mawuwo akunena ndi chakuti kompyuta, podziyesa yokha, yapeza kuti chiwerengero chake cha mphamvu imene injini ikutulutsa chasemphana ndi chimene chiyenera kukhalapo. Nambalayi sinalembedwe mwachisawawa ayi. Chilembo P chimaimira injini ndi giyabokosi; 0 amasonyeza kuti khodiyo ndi ya onse opanga galimoto, monga unaikira muyezo wa SAE J2012, osati ya kampani imodzi; 6 ndilo gulu la makhodi okhudza kompyuta ndi zimene imalamulira; ndipo 1B ndiwo malo a khodiyo m'gulumo. Dongosolo lonseli limatchedwa OBD-II, ndipo linakhala lamulo ku United States kuyambira pa galimoto za chaka cha 1996, pamene ku Ulaya linagwira galimoto za petulo mu 2001 ndi za dizilo mu 2004.

Khodiyi ili ndi abale ake oyandikana nayo. P061A imanenanso za torque, P061C imanena za kawerengedwe ka liwiro la injini, ndipo P060A imanena za kachipangizo kamene kamalondera kompyuta. Zimene ndinene pano zigwira ntchito kwa onsewa, ngakhale kuti kampani iliyonse ili ndi malire akeake amene imalembera khodi.

Nanga torque ndi chiyani, ndipo kompyuta imaiyeza ndi sensa iti?

Torque ndi mphamvu yopotola, imene injini imazunguzira crankshaft, ndipo imawerengedwa mu newton-mita, kapena Nm mwachidule. Munthu akakoleka katundu wa makilogalamu 20 kumapeto kwa sipanala yotalika theka la mita, natiyo imalandira pafupifupi 98 Nm. Injini ya petulo ya malita 1.5, monga ya m'galimoto zazing'ono zochokera ku Japan, imafika pafupifupi 140 Nm ikagwira ntchito ndi mtima wonse, pamene Ford Ranger ya dizilo ya malita 3.2 imafika 470 Nm.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yonse: m'galimoto wamba mulibe sensa yoyeza torque. Kompyuta siiona, siikhudza. Imachita kuiwerengera kuchokera ku zinthu zina zimene ikhoza kuyeza. Mu injini ya petulo chachikulu ndi mpweya, popeza petulo amapsa bwino akasakanizidwa ndi mpweya wolemera kumuposa ka 14.7, kotero kuti wodziwa kuchuluka kwa mpweya umene walowa mu silinda wadziwa kale kuchuluka kwa mafuta amene angapse, ndi mphamvu imene ingatuluke. Pamenepo kompyuta imawonjezapo liwiro la injini ndi nthawi imene pulagi yathetheka, nichotsapo mphamvu imene ikutayika ndi kukhulana kwa zitsulo, imene imakhala yochuluka oilo akadali wozizira, ndiponso imene ikudyedwa ndi alitaneta ndi kompuresa ya AC. Chotsalacho ndicho imachitcha torque ya injini. Chifukwa chake, nambala imodzi yokha mwa zolowa m'masamuwo ikakhala yabodza, yankho nalonso likhala labodza, chinkana kompyuta itawerengera mosaphonya konse.

Chifukwa chiyani kompyuta ivutika ndi masamu onsewa? Kodi galimoto zakale sizinkayenda popanda zimenezi?

Zinkayenda ndithu, pakuti m'galimoto zakale munali kebulo yochokera ku chopondera moto kukafika ku throttle, chitseko chija cholowetsa mpweya mu injini, ndipo phazi likaponda chitseko chinkatseguka, phazi likachoka sipuling'i inkachitseka. M'galimoto za masiku ano kebuloyo mulibe. Chopondera chili ndi masensa amene amangouza kompyuta kuti dalaivala akufuna mphamvu yochuluka motani, ndipo throttle imatsegulidwa ndi kamota kamagetsi. BMW inaika dongosolo lotere mu 7 Series yake kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Bosch inali itatulutsa makompyuta a mtundu wa ME7, amene maganizidwe awo onse amazungulira pa torque.

Ubwino wake ndi wakuti ofuna mphamvu ya injini ndi ambiri, si dalaivala yekha. Giyabokosi ya otomatiki imapempha kuti mphamvu itsike pang'ono pamene ikusintha giya, dongosolo loletsa matayala kuterereka limapempha chimodzimodzi pamatope, AC ikayatsidwa imafuna gawo lake, ndipo onsewa amalankhula ndi kompyuta mu Nm, iyo n'kusankha pempho loti lipambane. Koma kuchotsa kebulo kunabweretsa choopsa chatsopano, chimene mainjiniya anachiona msanga: ngati pakati pa phazi la munthu ndi injini pali kompyuta yokha, ndani adzaletse injiniyo tsiku limene kompyuta idzalakwitse n'kutsegula throttle popanda wopempha?

Ndiye ndani amayang'anira kompyutayo?

Imadziyang'anira yokha, koma mwa njira yanzeru imene makampani a ku Germany, monga Audi, BMW, Daimler, Porsche ndi Volkswagen, anagwirizana ndi kuilemba pansi pa dzina la E-Gas, ndipo ambiri anaitsatira. Ntchito imagawidwa patatu. Gawo loyamba ndilo limayendetsa injini. Gawo lachiwiri silikhulupirira loyambalo; limawerengera palokha, mwa njira ina, torque imene ili yololedwa poona mmene chopondera chapondedwera, ndi torque imene injini ikutulutsa, n'kumaziyerekeza kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Gawo lachitatu ndi kachipangizo kapadera, kamene kamafunsa kompyuta yaikulu mafunso odziwika mayankho ake, ndipo yankho likachedwa kapena likalakwika, kali ndi mphamvu yodula magetsi opita ku throttle. Ford imatcha magawo olonderawa Independent Plausibility Checker ndi E-Quizzer.

Tingayerekeze zimenezi ndi bwalo la milandu pamene mfumu yakhala pampando, mboni zikupereka umboni. Mboni yoyamba, sensa ya mpweya, ikuti mpweya walowa wochuluka chotere. Mboni yachiwiri, sensa ya throttle, ikuti chitseko ndachitsegula pang'ono chabe, ndipo mpweya wotere sukanadutsa. Mboni yachitatu, chopondera, ikuti mwini galimoto sanapemphe zonsezo. Mfumu ikaona kuti umboni wasemphana, ndipo siingathe kudziwa wonama ndani, imaimitsa mlandu n'kulemba kuti nkhani sizikugwirizana. P061B ndicho cholembedwa chimenecho. Munthu wopita kukachotsa mfumu pampando chifukwa chakuti dzina lake ndilo lili pachikalata, osayamba wafunsa mbonizo imodzi imodzi, walanga wosalakwa, ndipo mfumu yatsopano idzamva umboni womwewo n'kulemba chimodzimodzi.

Galimoto imachita zotani khodiyi ikabwera, ndipo kodi ndingapitirize ulendo?

Nthawi zina nyali yokha ndiyo imayaka, galimoto n'kumayenda monga mwa masiku onse. Koma kawirikawiri kompyuta imadziteteza: imachepetsa mphamvu, imaika malire pa liwiro la injini, kapena imadula kamota ka throttle, chitseko n'kutsalira pamalo amene sipuling'i imachigwira, potseguka pang'ono pokha, kotero kuti mupondereze bwanji galimoto imangokwawa. Pamenepo mungapezenso makhodi monga P2106 kapena P2110, amene sanena za vuto lina, koma angochitira umboni kuti mphamvu yachepetsedwa mwadala.

Ambiri azindikira kuti akazimitsa injini n'kuilizanso mphamvu imabwerera, ndipo amayenda chotero miyezi. Ine ndikuti ayi, musatero. Kufika nayo pamalo abwino kapena kugalaji n'kololeka, koma vutoli limakonda kubwera pamene mwaponda moto kwambiri, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe mukupitirira lole pamsewu wa M1, kutsogolo kukubwera basi.

Makaniko wandiuza kuti kompyuta yapsa, ndigule ina. Ndimvere?

Mufunseni mwaulemu kuti wayeza chiyani asanafike pa chigamulo chimenecho. Akakuonetsani ziwerengero za mpweya, za throttle ndi za magetsi, mumvereni. Akangoloza mawu a pamakina, pemphani kuti ayambe wayeza.

Tsono woyeza bwino amayambira pati?

Amayamba ndi kusafufuta kanthu. Chizolowezi chofufuta makhodi galimoto ikangolumikizidwa, kuti tione ngati abwerenso, chimataya chuma chachikulu, chifukwa pamene kompyuta ikulemba khodi imasunganso chithunzi cha mphindi imeneyo, chimene makina amachitcha freeze frame: liwiro la injini ndi la galimoto, kutentha kwa madzi, kutseguka kwa throttle, kuchuluka kwa mpweya, ndi zina zotero. Chithunzicho chimakuuzani ngati vuto linabwera m'mawa injini ili yozizira, kapena pokwera phiri ndi katundu, kapena poima pamaloboti, ndipo chimenechi ndi theka la yankho. Chijambuleni ndi foni musanakhudze china chilichonse.

Chachiwiri, amawerenga makhodi onse, a injini, a giyabokosi ndi a mabuleki omwe, pakuti P061B siikonda kuyenda yokha. Ikabwera pamodzi ndi P0101, wa sensa ya mpweya, kapena P0171, wonena kuti mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya, kapena P2135 ndi P2138, onena kuti masensa awiri a throttle kapena a chopondera asemphana, yambani ndi amenewo, popeza akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Makhodi enawo ndiwo dzaye ndi chimene chalitsitsa. P061B ndi mnyanga wothyoka chabe.

Chachitatu ndi magetsi, chinthu chotchipa kuyeza koma chonyozedwa. Batire labwino lopumula limaonetsa mavoliti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira liyenera kukhala pakati pa 13.5 ndi 14.5 m'galimoto zambiri. Masensa ambiri amadyetsedwa mavoliti 5 ndi kompyuta, ndipo amayankha ndi kusintha kwakung'ono kwa magetsi, kotero kuti tamino ya batire yomasuka, kapena waya wa ethi wochita dzimbiri pamene wamangidwa ku injini kapena ku bodi, ukhoza kusokoneza masensa angapo nthawi imodzi popanda ndi imodzi yomwe kuwonongeka. Afunsenso mwini galimoto mafunso osavuta: kodi injini inatsukidwa ndi madzi amphamvu posachedwa? Kodi galimoto inadutsa m'madzi nyengo ya dzinja? Kodi batire linasinthidwa, kapena injini inalizidwa ndi majampa? Kodi galimotoyo imagona pafupi ndi nkhokwe, kumene makoswe amatafuna mawaya?

Mwanena kambiri za mpweya. Kodi umayezedwa bwanji, ndipo umanamizira pati?

Pano ndikhalitsapo, chifukwa mu injini za petulo apa ndi pamene wolakwa amapezeka kawirikawiri. Galimoto zambiri zili ndi sensa yotchedwa MAF, yomangidwa papaipi pakati pa fyuluta ya mpweya ndi throttle. M'kati mwake muli kawaya kapena kachitsulo kopyapyala kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kuchuluka kwa magetsi ofunika kuti kakhalebe kotentha ndiko kumauza kompyuta magalamu a mpweya amene akudutsa pa sekondi. Fumbi kapena oilo zikamatirira pakawayako, kamachedwa kumva kusintha ndipo kamawerenga molakwika, makamaka pamene throttle yatsegulidwa mwadzidzidzi.

Kwathu kuno, kumene kuyambira August mpaka mvula itagwa misewu yambiri imakhala fumbi lokhalokha, fyuluta ya mpweya ndi chinthu chosayenera kuchiumira. Chizolowezi choipemerera ndi kompuresa chaka ndi chaka m'malo moisintha chimang'amba pepala lake timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo fyuluta yotchipa yosakhala bwino m'bokosi lake imalola fumbi kudutsa m'mbali. Ngakhale chivundikiro cha bokosilo chikatsala chosatsekedwa kapingo kamodzi, mpweya umafika pasensa mozungulirazungulira, ndipo sensa ikhoza kuwerenga wochuluka kuposa umene ulipo. Pamenepo kompyuta imaganiza kuti injini ikutulutsa torque yoposa yololedwa, chimene ndicho gawo lolondera lija linaikidwira kuti lichigwire.

Poyeza, tsegulani ziwerengero zamoyo pamakina. Injini yotentha ikamalira yokha popanda AC, magalamu a mpweya pa sekondi amayandikira kukula kwa injini mu malita kapena kupitirirako pang'ono, kotero kuti injini ya malita 2 ionetse pakati pa 2 ndi 3 kapena chapompo. Ndipo mukaponda moto chiwerengerocho chikwere mosadumphadumpha. Yang'ananinso zimene makina amazitcha fuel trim, ndiko kuti mafuta amene kompyuta ikuwonjeza kapena kuchotsa pokonza zimene sensa ya mu ekizozi ikuiuza. Zikakhala mkati mwa 10 peresenti, kumtunda kapena kunsi, zinthu zili bwino. Zikakwera kwambiri injini ikulira yokha, koma n'kutsika mukakweza liwiro, pali pena pamene mpweya ukulowa mozemba sensa, monga kapaipi kong'ambika kapena gasiketi yotha. Zikakhala bwino injini ikulira yokha koma n'kukwera mukaipatsa ntchito, ganizirani sensa yakuda imene ikuwerenga mochepetsa, kapena pampu ya mafuta yofooka.

Paipi yalabala ya pakati pa sensa ndi throttle iyenera kuchotsedwa ndi kupindidwa m'manja, chifukwa imang'ambikira m'makwinya akunsi kumene maso safika, ndipo mng'aluwo umatseguka pokhapokha injini ikagwedezeka ponyamuka, makamaka ngati mamaunting'i atha. Ichi ndi chifukwa chake galimoto imakhala bwinobwino ili chiimire m'galaji, n'kukadwala itangotuluka pageti. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Galimoto zina zili ndi sensa ya MAP, yoyeza mphamvu ya mpweya m'kati mwa manifolodi, ndipo ili ndi kayezedwe kosavuta kamene ambiri sakadziwa. Mukatsegula kiyi osaliza injini, sensayo iyenera kuwerenga mpweya wa kunja. M'mphepete mwa nyanja yamchere umenewu ndi pafupifupi 101 kPa, koma Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, kumene chiwerengero choyenera chili pafupi ndi 89 kapena 90. Wophunzira wongotsatira buku lolembedwa kunja akhoza kutaya sensa yabwino poona 90, pamene sensa yowerenga 101 ku Lilongwe ndiyo yoyenera kuikayikira. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene dziko ndi lotsika, chiwerengero chimayandikira 100.

Ngati sensa ya MAF yada, itsukidwe ndi mankhwala opopera opangidwira ntchito imeneyo, osati petulo kapena otsukira kabyuleta, ndipo kawayako kasakhudzidwe ndi chala, nsalu kapena kompuresa. Iume yokha isanabwezedwe.

Nanga throttle ndi chopondera moto?

Chilichonse mwa ziwirizi chili ndi masensa awiri, mwadala, kuti imodzi izitsimikizira inzake. M'galimoto zambiri sensa yachiwiri ya chopondera imaonetsa theka la magetsi a yoyamba, ndipo mu throttle zina imodzi imakwera pamene inzake ikutsika. Ndi kiyi wotsegula, injini yosalira, pondani pang'onopang'ono mpaka pansi mukuyang'ana mizere pamakina. Iyenera kuyenda mosalala, popanda kugwa kapena kudumpha. Kenaka gwedezani soketi ndi mawaya ake mukuyang'anabe. Mwaye wa oilo womatirira m'mphepete mwa chitseko cha throttle umachepetsa mpweya wodutsa, ndipo kompyuta imauzolowera pang'onopang'ono potsegula chitseko mowonjeza. Chotero mukatsuka, muyenera kuiphunzitsanso malo atsopano ndi makina kapena ndi njira imene wopanga anaika, apo ayi mwachiritsa nthenda imodzi n'kubala ina.

Galimoto yanga ndi ya dizilo. Kodi zonsezi zikundikhudza?

Maganizo ake ndi omwewo, koma mboni yaikulu ndi ina. Mu dizilo mphamvu imatsata mafuta, osati mpweya, kotero kompyuta imawerengera torque kuchokera ku mphamvu ya mafuta m'paipi yopita ku mainjekita yotchedwa rail ndi nthawi imene injekita yakhala yotseguka. Sensa ya rail yonama, injekita yodontha, kapena mainjekita atsopano amene manambala awo sanalowetsedwe mu kompyuta, zonsezi zimasokoneza masamu. Pali chinanso choopsa chimene eni dizilo ayenera kuchidziwa: turbo ikatha, oilo amalowa m'mapaipi a mpweya, ndipo injini ya dizilo imatha kuwotcha oiloyo ngati mafuta, n'kutulutsa mphamvu imene kompyuta sinalamule. Mukapeza oilo wambiri mu intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wochokera ku turbo, konzani chimenecho musanayendenso.

Ndinasintha zinthu zina kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Kodi zingakhale chifukwa?

Zingakhale ndithu, ndipo muuzeni makaniko poyambirira, musamubisire. Fyuluta zopakidwa oilo zimene achinyamata amaika m'malo mwa bokosi la kufakitale zimadetsa sensa ndi kusintha kayendedwe ka mpweya, ndipo pa galimoto za Ford izi ndi zina mwa zoyambitsa P061B zodziwika bwino. Kusintha pulogalamu ya kompyuta kuti turbo ikankhe kwambiri, kapena kuti zipangizo zochepetsa utsi woipa za EGR ndi DPF zichotsedwe, kumakhudza gawo loyamba lija loyendetsa injini. Ngati wosinthayo sanagwirizanitse ndi gawo lolondera, mlonda adzaona torque yoposa malire ake ndipo adzachita ntchito yake. Ena amathetsa zimenezi pongozimitsa khodiyo mu pulogalamu, ndipo ine sindiopa kunena kuti kumeneko n'kuika miyoyo ya anthu pachiswe, chifukwa mlondayo anaikidwa kuti aletse galimoto kuthamanga yokha. Walira mvula walira matope: wofuna mphamvu yowonjezera alipirenso mmisiri wodziwa kuigwirizanitsa bwino.

Chimodzimodzi injini yogula pa masipeya akale. Ikhoza kufanana ndi yakale m'maonekedwe, koma ngati mainjekita, throttle kapena sensa yake ya mpweya ndi za chaka china, kompyuta idzawerengera ndi matebulo a injini imene kulibenso.

Kodi palibe nthawi imene kompyutayo imakhaladi yolakwa?

Ilipo, ndipo sindifuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti kompyuta siiwonongeka. Imalowa madzi, imapsa ndi majampa olumikizidwa mopingasa, imaphedwa ndi wowotcherera pa bodi batire lisanachotsedwe. Zizindikiro zake n'zakuti khodi imabwerera nthawi yomweyo kiyi akangotsegulidwa, injini isanalire n'komwe, kapena imabwera pamodzi ndi P0601 kapena P0606, amene amanena za malo osungira zinthu ndi ubongo wa kompyutayo. Ndipo mukamasula soketi yake mumapeza mapini obiriwira ndi dzimbiri kapena fungo la chinthu chopserera. Ngakhale pamenepo, yezani magetsi ndi ethi pasoketi yomweyo ya kompyuta musanaiweruze.

Pakati pa kompyuta yabwino ndi yakufa palinso ina imene pulogalamu yake ndi yakale. Opanga galimoto nthawi zina amapeza kuti malire amene anaika anali othina, natulutsa pulogalamu yatsopano kudzera m'zikalata zopita kwa ogulitsa awo, ndipo n'kwanzeru kufunsa, ndi nambala ya chasisi m'manja, ngati galimoto yanu ili ndi chikalata chotere. Ndipo mukafika pogula ina, dziwani kuti kufanana kwa bokosi sikukwanira: nambala yake igwirizane, pulogalamu ikhale ya injini ndi giyabokosi yanu, ndipo iyenera kudziwitsidwa kwa kiyi, apo ayi chitetezo choletsa akuba chidzakana kuliza injini. Musataye yakaleyo, pakuti mmisiri angafune kukopera zina kuchokera m'menemo.

Ndili ndi kachipangizo kotchipa kolumikiza ku foni. Kodi n'kokwanira?

Tizipangizo ta mtundu wa ELM327 timawerenga makhodi a onse, freeze frame ndi ziwerengero zazikulu monga mpweya ndi fuel trim, ndipo kwa mwini galimoto zimenezi n'zothandiza kwambiri, chifukwa amafika kugalaji ali ndi mbiri ya vuto. Koma torque yopemphedwa ndi torque yowerengeredwa, kuziona mbali ndi mbali, kawirikawiri kumafuna pulogalamu yodziwa chilankhulo cha kampaniyo, monga Techstream ya Toyota, FORScan ya Ford ndi Mazda, kapena VCDS ya Volkswagen ndi Audi. Dziwaninso kuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa m'Japan momwemo, zimene zafika kuno zambiri kudzera ku Dar es Salaam, zili ndi soketi yofanana koma siziyankha tizipangizo timeneti, ndipo kusayankhako sikutanthauza kuti kompyuta yafa.

Zikakonzedwa, ndidziwa bwanji kuti vuto lathadi?

Kuzima kwa nyali pambuyo pofufuta si umboni, chifukwa nyali imazima ngakhale osakonza kanthu. Bwererani ku chithunzi chija munajambula, ndipo yendetsani galimoto mmene inalili pamene khodi inalembedwa: ngati inali yotentha, pa giya yachitatu, throttle itatseguka kwambiri pachikweza, pezani chikweza chotero, wina akuyendetsa, wina akuyang'ana makina, osati munthu mmodzi kuchita zonse ziwiri. Onani ngati mpweya ukukwera pamodzi ndi throttle, ngati fuel trim yabwerera mkati mwa malire, ndipo pomaliza werengani makhodi odikirira, amene makina amawatcha pending, popeza makhodi ambiri amayamba alembedwa kumeneko pa ulendo woyamba, nyali n'kudzayaka pa wachiwiri. Galimoto izizire usiku wonse, muyesenso m'mawa mwake, ndipo muwerengenso makhodi patapita sabata imodzi ya maulendo anu a masiku onse.